Khonsolo ikukambirana za siteshoni ya magetsi pomwe ovataimu ya antchito ake ili pa ngongole

Kachere77
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa msonkhano wa khonsolo yathu womwe ukubwerawu pali nkhani ziwiri zomwe zandiimitsa mutu. Kampani ina ikufuna malo oti imangepo siteshoni ya magetsi a dzuwa, ndipo makhansala akuyenera kunenapo maganizo awo. Tsiku lomwelo akambirananso dandaulo la madalaivala, alonda ndi otolera ziphaso mumsika, oti ndalama zawo za ovataimu zaunjikana osalipidwa. Kodi khonsolo ili ndi mphamvu yanji pa za magetsizi? Ingathe kukana? Nanga ovataimu amawerengera bwanji, ndipo ndani ayenera kuvomereza munthu asanaigwire?

Phiri_wa_Malo
A Kachere, tiyambe tachotsa chisokonezo. Khonsolo sipereka laisensi yopangira magetsi, imeneyo imachokera ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Mgwirizano wogulitsa magetsiwo kampani imasainirana ndi ESCOM, eni mawaya. Chiphaso cha zachilengedwe chimachokera ku MEPA potsatira lamulo la 2017. Ngati akufuna kutunga madzi mumtsinje kapena kukumba mijigo yoti azitsukira mapanelo, pafunikanso chilolezo cha bungwe loona za madzi. Zonsezi zimadutsa pamwamba pa mutu wa khansala.

Pomwe pali dzanja la khonsolo ndi pa malo. Malo ambiri akumudzi ndi a makolo, ndipo lamulo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense: gulupuyo ndi wapampando, kuphatikiza anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposera akhale amayi. Kampani singangomvana ndi mfumu pansi pa mtengo nkuyamba kukhoma zikhomo. Malowo ayenera kuyezedwa, eni ake adziwike, alipidwe chipukuta misozi, kenako boma ndi lomwe limapereka lizi. Ofesi ya bwanamkubwa ili pakati pa ntchito yonseyi. Chinanso ndi chilolezo chomanga, chomwe chimadutsa ku komiti yoona mapulani, chifukwa kuyambira pa lamulo la 2016 dziko lonse lili pansi pa malamulo a mapulani, osati matauni okha. Ndiye kukana kwachindunji nkovuta, koma kuika mfundo zoti zitsatidwe asanapatsidwe malo ndi chilolezo, zimenezo nzotheka ndithu.

Nachisale_B
Ndiye mukutanthauza kuti makhansala akungokaombera m'manja zomwe zatha kale ku Lilongwe?

Phiri_wa_Malo
Ayi mayi. Akaombera m'manja ngati apita osawerenga. Lipoti la zachilengedwe silingavomerezedwe popanda umboni woti anthu okhudzidwa anafunsidwa. Zomwe komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) yanena, zomwe komiti ya zachilengedwe ya pa boma yapeza, zomwe khonsolo yalemba m'maminitsi, zonse zimalowa m'failo. Chomwe sichinalembedwe ndi chomwe chimafa.

MawayaAtatu
Ndiwonjezere za kukula kwa malo, poti apa ndi pomwe anthu amapusitsidwa. Siteshoni ya sola imadya pafupifupi mahekitala awiri pa megawati imodzi, kutengera mtundu wa mapanelo ndi ngati amatembenuka kutsata dzuwa. Ndiye akati megawati 20, ngati ya ku Golomoti ija, ganizirani mahekitala 40 kapena kuposerapo. Akati 60, ngati ya ku Salima yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2021, mwadutsa kale mahekitala 100. Makhansala afunse mapu okhala ndi malire enieni, osati chithunzi cha pa kompyuta chokhala ndi bwalo lofiira.

Chomwe ambiri amaiwala ndi mzere wa mawaya wochoka pa siteshoni kukafika pa sabusiteshoni ya ESCOM. Ya ku Salima inaikidwa pafupi ndi sabusiteshoni ya Nanjoka pa chifukwa chimenechi, kuti mtunda ufupike. Pansi pa mawaya akuluakulu simumangidwa nyumba, simudzalidwa mitengo italiitali. Chimanga ndi mtedza mutha kulima, koma mango ndi bulugamu zimagwetsedwa. Mzere umenewu ukhoza kukhudza mabanja ambiri kuposa siteshoni yeniyeniyo, ndipo kawirikawiri pa msonkhano woyamba sautchula. Funsani: mawaya adutsa midzi iti, mulifupi mwake ndi mamita angati, ndipo alipire ndani, kampani kapena ESCOM?

Koloboyi_Wazima
Ine funso langa ndi limodzi. Midzi yozungulira siteshoniyo iyatsa magetsi kapena izingoona mawaya akudutsa pamwamba?

MawayaAtatu
Izingoona, pokhapokha wina atakonza zina. Magetsi otuluka pa siteshoni amakwezedwa mphamvu nkulowa m'mawaya akuluakulu a dziko lonse. Kuti afike m'nyumba pafunika mzere wa 33kV kapena 11kV, thiransifoma, mapolo ang'onoang'ono ndi mita. Imeneyo ndi ntchito ya ESCOM kapena MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi. Kampani yopanga magetsi ilibe chilolezo chogawa magetsi m'makomo. Chomwe khonsolo ingachite ndi kupempha kuti kampani ilipire mzere ndi thiransifoma yofika pa chipatala, pa sukulu ndi pa msika, kapena iike sola yapayokha pa malo amenewa, ndipo zilembedwe mu mgwirizano wosainidwa, wokhala ndi tsiku lomalizira.

Koloboyi_Wazima
Zikomo. Ndiye khansala wathu asatiuze kuti "magetsi abwera" asanaonetse pepala limenelo.

MpotoWeniweni
Sola sola, koma usiku? Tikufuna magetsi a nthawi yophika nsima yamadzulo. Bwanji osangomanga Kam'mwamba ija ya malasha? Megawati 300 zinanenedwa kalekale, njanji yochoka ku Moatize ikudutsa pafupi pomwepo.

MawayaAtatu
Mwakhudza penipeni. Anthu amagwiritsa ntchito magetsi kwambiri dzuwa litalowa, pomwe sola yagona. Nchifukwa chake ku Golomoti anaikako mabatire a megawati 5, osunga mphamvu yokwana maola awiri. Phindu lina la sola ndi loti masana makina a pa Shire amatha kupumako. Kam'mwamba ya ku Neno yakhala ikutchulidwa zaka zoposa khumi osamangidwa, ndipo masiku ano mabanki akuluakulu ambiri anasiya kubwereketsa ndalama za malasha. Komanso khonsolo yolandira siteshoni ya malasha ili ndi mafunso olemera kuposa a sola: phulusa likatayidwa kuti, madzi oziziritsira makina achokera kuti ndipo abwerera mumtsinje ali otentha bwanji, utsi ulowera midzi iti nthawi ya mwera.

Yankho la madzulo lomwe lili pa mzere pano ndi Mpatamanga, pa Shire pakati pa Tedzani ndi Kapichira, megawati pafupifupi 358. Pakhala madamu awiri: lalikulu losunga madzi nkuwatulutsa nthawi yomwe magetsi akufunika kwambiri, ndi laling'ono kumunsi loti liziwongolera madziwo kuti mtsinje usamasefukire ndi kuphwa tsiku lililonse. World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni mu 2025. Ntchito imeneyi ikukhudza makhonsolo a Blantyre ndi Neno, kuphatikiza madera omwe mudutse mawaya opita ku Phombeya ku Balaka.

Nachisale_B
Koma kuunjika zonse pa Shire si komwe kunatigwetsa mu 2022? Namondwe Ana atagumula Kapichira tinataya megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

MpotoWeniweni
Ndi zomwe ndikunenazo. Nkula, Tedzani, Kapichira, zonse mtsinje umodzi. Kunja kwake ndi timasiteshoni ting'onoting'ono tokha ngati ka Wovwe ku Karonga.

Kachere77
Abale, tabwererani kuno. Za namondwe tidzakamba tsiku lina. Ovataimu ija palibe wayankha.

KalalikiWaMalipiro
Ndiyankhe ine. Lamulo la ntchito la 2000 limagwiranso antchito a boma ndi a khonsolo, kupatula asilikali, apolisi ndi a ndende. Maola a ntchito pa sabata sayenera kupitirira 48. Ovataimu ili mitundu itatu. Yoyamba ndi maola owonjezera pa tsiku lomwe munthu amagwira kale ntchito: ola lililonse alipidwe kamodzi ndi theka. Yachiwiri ndi kugwira pa tsiku lake lopuma: alipidwe kawiri. Yachitatu ndi kugwira pa holide ya boma: kawirinso.

Tiyerekeze kuti dalaivala amalandira K208,000 pa mwezi ndipo amagwira maola 48 pa sabata. Ndasankha nambalayi kuti masamu aphweke. Maola 48 kuchulukitsa ndi masabata 52, kugawa ndi miyezi 12, zikupereka maola 208 pa mwezi. Ndiye ola lake ndi K1,000. Akapitiriza maola atatu Lachiwiri madzulo, ndi K4,500. Akagwira maola asanu ndi atatu Lamulungu lomwe ndi tsiku lake lopuma, ndi K16,000. Ngati mgwirizano wake wa ntchito umanena maola ochepera 48, gawani ndi maola akewo, ola lake likwera mtengo. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kugawa malipiro ndi masiku 30 m'malo mwa masiku omwe munthu amagwiradi ntchito. Pamenepo ola limatsika mtengo, wantchito nkuberedwa osadziwa.

Tsono za kuvomereza. Dongosolo labwino ndi ili: mkulu wa gawo alemba fomu ntchito isanagwiridwe, kunena ntchito yake, anthu angati, maola angati, ndi ndalama zichokera pa mzere uti wa bajeti. Wa za chuma atsimikiza kuti ndalamayo ilipo. Akatha kugwira, wantchito ndi womuyang'anira asaina pepala la maola, ndipo kwa dalaivala lifanane ndi buku la galimoto: nthawi yonyamuka, yobwerera, ndi makilomita. Zikatero ndalama ilowe pa malipiro a mwezi womwewo kapena wotsatira. Ngongole imabadwa pamene bwana wangoitana pa foni Loweruka m'mawa kuti "tiyeni kumudzi", fomu nkudzalembedwa patapita miyezi itatu, wina atasamutsidwa kale, woti asaine palibe.

Chigayo_Chalira
Tisanamizane. Ena amazengereza dala masana kuti ntchito ifike usiku. Ovataimu yasanduka malipiro achiwiri.

KalalikiWaMalipiro
Zimachitika, sindikana. Koma mankhwala ake ndi fomu yovomereza ija, osati kumana aliyense. Ngati bwana analola kapena kulamula kuti munthu agwire, ngongoleyo ndi ya khonsolo. Wantchito akapita ku ofesi ya zantchito ya pa boma, zikakanika nkufika ku khoti loona milandu ya apantchito, khonsolo imadzalipira ndithu, mwinanso ndi zowonjezera. Kuti mudziwe ngati pali chinyengo, tengani mapepala a miyezi isanu ndi umodzi muone: ngati anthu atatu okha akutenga theka la ovataimu yonse, kapena maola ali ofanana ndendende mwezi uliwonse, fufuzani pamenepo.

MayiWaKomiti
Ndiwonjezere chomwe chimapangitsa kuti akhale madalaivala, alonda ndi a mumsika omwe akulira, osati aphunzitsi kapena anamwino. M'khonsolo muli antchito a mitundu iwiri. Ena malipiro awo amachokera ku boma lalikulu. Ena analembedwa ndi khonsolo yeniyeniyo, ndipo amalipidwa kuchokera pa zomwe khonsolo yatolera yokha: ziphaso za mumsika, za pa depoti, malaisensi a mabizinesi, lendi ya nyumba ndi mashopu. Ndalama imeneyi imakwera nthawi yokolola, imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ikagwa, choyamba kusiyidwa ndi ovataimu, kenako penshoni, kenako malipiro enieniwo. Ndalama ya chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) simungaitenge kulipira mlonda, ili ndi ntchito yake. Ndiye khansala asangofuula kuti "alipireni". Afunse kuti mwezi uliwonse khonsolo ikutolera zingati, malipiro a antchito akewa akudya zingati, ndipo ngongole yonse ndi zingati, dzina ndi dzina.

Alonda makamaka, vuto ndi kachulukidwe. Malo amodzi ofunika kulonderedwa usana ndi usiku ndi maola 168 pa sabata. Gawani ndi 48, mupeza anthu atatu ndi theka. Mukaikapo awiri, aliyense agwira maola 84, kutanthauza maola 36 owonjezera sabata iliyonse, osawerengera tchuthi ndi matenda. Ovataimu yotere si yadzidzidzi, ndi mpata wa ntchito womwe sunadzazidwe. Werengerani bwino, mupeza kuti kulemba mlonda wachitatu nkotchipa.

Chigayo_Chalira
Apo ndavomera. 168 ija sindinaiganizepo.

Phiri_wa_Malo
Tsono a Kachere, nkhani zanu ziwirizi musazione ngati zosiyana. Siteshoni ikangovomerezedwa, ntchito yaikulu imagwera antchito a khonsolo omwewo. Kalembera wa eni minda amatenga masabata. Pafunika wa malo, mlangizi wa zaulimi wowerenga mbewu, wa nkhalango wowerenga mitengo, wa chitukuko cha m'madera, ndi dalaivala wowanyamula. Misonkhano ya m'midzi imachitika Loweruka kapena madzulo anthu atachoka kumunda. Tsiku lolipira chipukuta misozi limatha usiku. Kukakhala manda oti asamutsidwe, a zaumoyo amakhalapo kuyambira mbandakucha. Kenako kwa zaka ziwiri zomanga pali madandaulo: fumbi, magalimoto akuluakulu ophwanya kabuliji, ng'ombe zotsekeredwa njira ya kudambo. Zonsezi ndi maola, ndipo mu bajeti ya khonsolo mulibe. Mukavomereza siteshoni osakonza izi, ngongole ya ovataimu yomwe mukukambiranayo ikula kawiri.

MpotoWeniweni
Nchosavuta. Kampani iziwapatsa alawansi pamanja tsiku lomwelo. Ndi mmene zimakhalira kale.

MayiWaKomiti
Ayi achimwene, apo ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Munthu amene akuwerenga mitengo ya mango ya agogo kuti kampani ilipire, madzulo ake akalandire envulopu kwa kampani yomweyo? Mawa agogowo akadzadandaula kuti mitengo inali khumi ndi iwiri koma analemba isanu ndi itatu, adzadandaula kwa yani? Ngakhale wantchitoyo akhale wachilungamo chotani, anthu sadzamukhulupirira. Komanso alawansi ndi ovataimu ndi zinthu ziwiri. Alawansi ndi ya chakudya ndi malo ogona. Ovataimu ndi malipiro a maola. Kulandira ina sikufafaniza inzake.

MpotoWeniweni
Nanga ndalama ikalowa ku akaunti ya khonsolo idzatulukanso? Idzalipira ngongole ya mafuta, wantchito nkutsala manja lende.

MayiWaKomiti
Nkhawa yanu ndi yoona, nchifukwa chake pafunika mgwirizano wolembedwa. Kampani ndi khonsolo agwirizane ndondomeko ya ntchito: masiku angati, anthu angati, mafuta malita angati, ovataimu pa mlingo wa lamulo. Ndalamayo ilowe ngati ya ntchito imeneyi yokha, ivomerezedwe ndi komiti ya zachuma ngati chowonjezera pa bajeti, ndipo ituluke m'magawo: gawo lachiwiri libwere pokhapokha lipoti la gawo loyamba litaperekedwa ndi mapepala osainidwa ndi omwe analandira. Wantchito alandire kudzera ku banki kuchokera kwa womulemba ntchito. Owerengera ndalama za boma akabwera apeza njira yoti atsate.

KalalikiWaMalipiro
Ndikugwirizana ndi mayiwa. Ndipo chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye ngati kalembera adzachitika chaka chamawa, nthawi yoika mzere umenewu ndi pokonza bajeti, osati ntchito itayamba.

Nachisale_B
Bwanji za phindu la khonsolo? Tikumva kuti siteshoni ikabwera ndalama zichuluka, ngongole zonse zitha.

Phiri_wa_Malo
Samalani ndi mawu amenewo. Lendi ya malo a lizi imapita ku unduna wa za malo. Misonkho ya kampani imapita ku MRA. Msonkho wa nyumba ndi malo, womwe mizinda ngati Blantyre ndi Mzuzu imadalira, umatoleredwa m'dera lomwe lalengezedwa kuti ndi lolipira msonkhowo, ndipo madera ambiri akumudzi sali choncho. Zomwe khonsolo ya boma ingayembekezere mosakayika ndi ndalama yovomerezera mapulani, yomwe ndi ya kamodzi, ndi laisensi ya bizinesi ya pachaka. Msika umatentha nthawi yomanga poti antchito ndi ambiri, koma sola ikatha kumangidwa imatsala ndi anthu ochepa: alonda, otchetcha udzu, otsuka mapanelo ndi amisiri angapo. Amene akuwerengera kuti ngongole ya ovataimu idzalipidwa ndi siteshoni akudya mbewu isanamere.

Koloboyi_Wazima
Nanga chipukuta misozi chimene? Anthu amalandira, pakatha miyezi isanu ndi umodzi alibe munda alibe ndalama.

Phiri_wa_Malo
Pali zoti khonsolo iumirire. Tsiku lomaliza kalembera lilengezedwe poyera, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa wailesi ya m'dera, chifukwa chomangidwa kapena kudzalidwa pambuyo pa tsikuli sichilipidwa. Mwini munda asaine pepala la zomwe zawerengedwa ndipo atsale ndi kope lake. Mndandanda upachikidwe kwa gulupu masiku okwanira kuti wolakwiridwa adandaule. Mtengo ukhale wokwanira kugula munda wina wofanana ndi kumanga nyumba ina pa mitengo ya lero, ndipo malipiro akachedwa chaka, kwacha itagwa, awerengerenso. Pa banja pasaine mwamuna ndi mkazi, makamaka kuno komwe minda yambiri ndi ya kuchikazi. Obwereka minda asaiwalike, mbewu ndi zawo ngakhale nthaka si yawo. Ndipo thalakitala isalowe m'munda ndalama isanalowe mu akaunti. Kumene kuli kotheka, munda kusinthana ndi munda kumaposa ndalama.

Kachere77
Ndaphunzira zambiri. Ife anthu wamba tingalowe mu msonkhanowo?

MayiWaKomiti
Mungalowe. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limati misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa anthu ndi atolankhani, pokhapokha atagwirizana kutseka pa nkhani inayake. Gawo lotchula mayina ndi malipiro a antchito akhoza kutseka, koma la siteshoni palibe chifukwa. Kumbukirani kuti ovota ndi makhansala ndi aphungu. Mafumu ndi oimira magulu amayankhula koma savota. Inu simudzapatsidwa mpata woyankhula, ndiye mafunso anu apatseni khansala wanu olembedwa msonkhano usanafike, kope lina kwa wapampando wa ADC. Onaninso ngati nkhanizi zadutsa kaye m'makomiti: ya siteshoni ku komiti ya chitukuko ndi ya zaumoyo ndi chilengedwe, ya ovataimu ku komiti ya antchito ndi ya zachuma. Ngati sizinadutse, khansala ali ndi ufulu wopempha kuti zibwerere kumeneko. Ndipo khansala amene ali ndi munda m'dera la siteshoni, kapena akufuna kontilakiti ya mchenga ndi miyala, anene poyera ndipo asavote.

MawayaAtatu
Pa mafunsowo muikepo ili: kodi kampaniyo ili kale ndi mgwirizano wosainidwa ndi ESCOM, nanga kafukufuku woonetsa kuti sabusiteshoni yapafupi ingalandire magetsiwo anachitika? Popanda ziwirizi banki sipereka ngongole, ndipo malo akhoza kutchingidwa waya zaka zisanu opanda panelo ngakhale imodzi, anthu ataletsedwa kulima. Mu mgwirizano mukhale mfundo yoti ntchito ikapanda kuyamba pofika tsiku lakuti, malowo abwerere, ndipo podikira eni ake azilimabe mbewu za chaka chimodzi.

Chigayo_Chalira
Akakana kuonetsa mapepala?

MayiWaKomiti
Lembani kalata yopempha potsatira lamulo lopezera uthenga lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Ipite kwa wofalitsa nkhani wa khonsolo, mutchule chomwe mukufuna: maminitsi, mapu a malo, lipoti la zachilengedwe, ndi chiwerengero cha ngongole ya ovataimu popanda mayina. Adinde kope lanu ndi tsiku lomwe alandira, chifukwa masiku oti ayankhe amayamba kuwerengedwa pamenepo.

KalalikiWaMalipiro
Ndipo antchito odandaulawo muwauze ayambe lero kusunga kabuku kawokawo: tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yomaliza, ntchito yake, ndi dzina la amene anawatuma. Za miyezi yapitayi atenge makope a buku la galimoto ndi buku la pa geti msonkhano usanachitike.